Telala Amene Anasanduka Mbiri

A Matewere atagula sitolo yakale ya pasiteshoni, anamva kuti boma limachepetsa msonkho kwa wokonza nyumba yamakedzana, bola asachotsepo chakale chilichonse. Anamata ming'alu, anapaka laimu, kenako diso lawo linagwera Mbendera, telala wa pakhonde.

"Mawa kukubwera woyendera wa boma. Ndisakupeze pano."

"Ndamva, bwana."

Kutacha, woyenderayo, mayi Nyirongo, anapeza Mbendera akumanga makina ake ndi chingwe, mosafulumira. Telalayo anawapukutira mpando wake kuti akhalepo.

"Pepani fumbili, mayi, tikusamuka. Makinawa akhala pakhonde pano chimangire sitoloyi, koma bwana akuti zakale zichoke."

Mayiwo anatembenukira a Matewere. "Zichoke?"

A Matewere anaseka mouma. "Nthabwala chabe, mayi. Awa ndiwo mbiri ya nyumba ino. Sangachoke."

"Chabwino. Ndiziwapeza pompano chaka chilichonse ndikabwera."

Galimoto itapita, Mbendera anamasula chingwe, nathira mafuta makina aja, amene anawagula kumsika chaka chatha.

"Bwana, batani la jekete lanu likulendewera. Bweretsani kuno, mbiri ikusokereni."