Chipolopolo Chapakati cha Agogo Zuze

Kalekale, sitima zapamadzi zikadali kulira mu Shire, m'mudzi mwathu muno munali munthu wina dzina lake Zuze. Ameneyu ndiye tsinde lathu. Senderani pafupi, chifukwa nkhani yake si yonena mokweza.

Zuze anali wopha ng'ona. Ntchitoyi anaiphunzira kwa Mpwitikizi wina wogula zikopa, amene iye anamupalasira bwato zaka zisanu ndi ziwiri m'madambo a kumunsi kuno. Mzunguyo pobwerera kwawo anamusiyira mfuti ya m'manja, ija yokhala ndi kagudumu kolowa zipolopolo zisanu ndi chimodzi. Ng'ona ankayamba kuilasa ndi mkondo womangirira chingwe, n'kuikokera pafupi ndi bwato, kenako mfuti ija n'kumaliza ntchito, kumbuyo kwa diso.

Masiku amenewo alenje ankadziwa zipolopolo za mitundu iwiri. Chinalipo chaching'ono, chimene pa chigaza cha ng'ona yaikulu chinkangotsetsereka. Chinalipo chachikulu, cholira ngati mphezi, chimene aliyense ankachisirira. Koma chikaphulika dzanja linkadumpha, bwato n'kugwedezeka. Tsono mfuti ya Zuze sinkadya chaching'ono, sinkadya chachikulu. Inkadya chapakati. Chapakaticho chinkaboola chigaza, dzanja lili phee. Koma ndani ankachifuna? Palibe. Anthu amakonda chinthu chomveka kutali.

Zipolopolo zitayamba kutha, Zuze anakwera sitima ya pamtunda mpaka ku Limbe. Mmwenye wa sitolo ya mfuti anayang'ana chigoba cha chipolopolo chimene Zuze anamuonetsa, n'kuseka. Anati dziko lonse lino anthu ogula mtundu umenewo analipo atatu, ndipo awiri anamwalira, choncho iye anasiya kuitanitsa. Zuze sanatsutse. Anagula wonga ndi mafataki oyatsira wongawo, n'kubwerera. Atafika kuno anayamba kusungunula mtovu m'phale, kuuthira m'chikombole chimene mzungu uja anasiya, ndi kudzaza zigoba zakale zomwezo. Akawombera, atola chigoba. Akawombera, atola chigoba. Chimodzi chikagwera m'madzi ankachimirira ngati wataya mwana.

Mlamu wake Khembo, mlongo wa mkazi wake, anali ndi mfuti ya chachikulu. Pamowa ankamutchula Zuze kuti Bambo Pakati, munthu wosadziwika ngati ndi tambala kapena thadzi. Anthu ankaseka. Zuze yankho lake linali limodzi: "Dzanja langa likuchidziwa." Chaka chino, dzanja langa likuchidziwa. Chaka chamawa, dzanja langa likuchidziwa. Zaka khumi ndi ziwiri, ana inu, ndipo ng'ona imene anaiwombera kawiri sitinaimvepo.

Koma mkuwa nawo umatopa. Zigoba zinali makumi atatu, zinatsala zisanu ndi zinayi. Tsiku lina chimodzi chinang'ambika powombera, moto n'kumutentha chala. Mkazi wake, Firipina, pomumanga bala anamudandaulira. Anati watopa kusekedwa pamtondo, komanso tsiku lina chigoba chidzamuphulikira kumaso, iye n'kutsala ndi mwamuna wakhungu. Kodi analakwa? Sanalakwe. Ankanena chifukwa cha chikondi. Khembo naye anabwera, tsopano osaseka, nati kumtunda kwa Chikwawa kuli mlenje wina amene angalole kusinthana naye mfuti, n'kumupatsa ya chachikulu. Zuze anakana mwezi wathunthu. Mwezi wachiwiri anavomera.

Mfuti yatsopano itafika anakaiyesa pa mlambe. Anawombera kawiri, ziwiri zonse zinalowa m'thunthu. Khembo anawomba m'manja. Koma mlambe suyenda, ndipo woulasa amaima pa nthaka youma.

Mlungu womwewo, mtsinje utadzaza, mwana wamkazi wa Zuze, Luwiza, anapita kudooko m'mawa kukachapa. Anali mayi wa mwana mmodzi, khanda loyamwa, ndipo analigoneka pansalu pamtunda. Zuze anali m'bwato chapafupi, akuonjola ukonde. Anangomva amayi akukuwa. Ng'ona inali itamugwira Luwiza pantchafu, ikumukokera kwakuya, iye atakakamira muzu wa mtengo ndi manja onse awiri.

Zuze anapalasa, nafika pafupi ngati apa ndi pakhomo paja. Mutu wa ng'ona unali poyera, diso lili apo. Ng'ona zingati anaziwombera pamalo pomwepo? Mazana. Anatambasula mkono monga ankachitira masiku onse, n'kukoka.

Dzanja linadumpha. Bwato linapendeka. Ng'ona, podzidzimuka ndi phokoso, inasiya mwendo n'kumira. Luwiza nayenso anasiya muzu uja.

Bambo wake anamuvuula, namugoneka m'bwato. Luwiza anatsegula maso nafunsa, "Bambo, mwaipha?"

"Ndaipha, mwana wanga."

Anatsirizika asanamufikitse kunyumba.

Amayi osambitsa mtembo anapeza mabala awiri. La pantchafu linali loipa, koma m'mudzi muno munali anthu atatu oyenda ndi zipsera zoposa pamenepo. Linalo linali pansi pa nthiti, loboola mwaukhondo, losakhala la mano. Amayiwo anamuitana Firipina, namuonetsa, ndipo anapangana kuti pakamwa pakhale potseka. Anthu auzidwe kuti ng'ona yapha munthu, basi.

Kumanda, woyendetsa mwambo atayamba kunena za chilombo cha mumtsinje, Zuze anaimirira. Munthu wofedwa salankhula pamanda, koma palibe amene anamuletsa. Anati, "Musaisemere mlandu ng'ona. Iyo inangomugwira mwendo. Wamupha ndine, ndi mfuti imene dzanja langa silinaidziwe." Anakhala pansi. Khembo anali pomwepo, maso ali pansi, ndipo chimanga chisanache anasamukira kutsidya, osabwereranso.

Atameta maliro, Zuze anayenda masiku atatu wapansi kupita kwa mlenje wa ku Chikwawa uja. Anamupeza mfuti yapakati ataipachika kudenga, chifukwa analibe choidyetsa. Anamubwezera yake, natenga yakeyo. Atabwerera anakhala padooko masiku khumi ndi limodzi, dzuwa likumuwotcha. Tsiku la khumi ndi chiwiri, masana, ng'ona ija inatuluka kudzawothera dzuwa pamchenga. Anaizindikira ndi kukula kwake komanso mchira woduka umene anauona tsiku lija. Anaiyandikira ndi bwato mwakachetechete, nawombera kamodzi. Sinagwedeze ngakhale phazi. Chikopa chake chikanagula ng'ombe, koma sanachisende. Anaisiyira miimba.

Mukuganiza kuti mtima unakhala pansi? Ayi. Kuwombera kumeneko n'kumene kunamupweteka koposa, chifukwa kunamuonetsa chimene chikanachitika tsiku lija.

Firipina anadwala maganizo, naonda ngati bango. Tsiku lina ali kumunda anaponya khasu pansi nati, "Bambo a Luwiza, bwanji simundinena? Ndinakukakamizani ndine." Zuze anapitiriza kulima, kenako anayankha kuti, "Inu munalankhula. Wovomera ndinali ine." Nkhaniyo sanaibwerezenso mpaka imfa inawalekanitsa.

Anakhala zaka zina makumi awiri akupha ng'ona ndi chapakati chomwecho. Ng'ona ikavuta kwina, anthu ankamuseka aja ankabwera kudzamugwadira, iye n'kunyamuka osafunsa kanthu. Koma kuseka anasiya, ndipo padooko la amayi sankadutsapo. Ankazungulira njira ya kumunda, ngakhale pamvula.

Khanda lija linagona pansalu, Zuze ndi Firipina analilera ndi phala la mapira ndi mkaka wa mbuzi. Limenelo ndi mayi anga. Anakula osadziwa nkhope ya mayi wawo, ndipo amene anawafotokozera zonse, osabisa kanthu, anali agogo awo Zuze, iwo atatha msinkhu.

Ndiye mukamaona akuluakulu a banja lino akuuma mutu, musamadabwe. Kwathu kuno khasu latsopano timayamba taliyesa m'chilimwe, osati mvula itagwa. Mankhwala achilendo sitiyambira pa mwana wodwala. Ndipo anthu akamakusekani chifukwa mukuchita zosiyana ndi anzanu, musanasinthe muziyamba mwafunsa kuti zikavuta adzagwe ndani. Osekawo amabwerera kwawo. Manda mumakumba ndinu.