Nsato Yathanzi Kuposa Zonse

Nasibeko anagula nsato kwa a Chimbalanga, oweta njoka, kuti azionetsa ana asukulu. Patatha masabata atatu nsatoyo isanadye kanthu, anabwerera nayo m'bokosi.

"Njoka iyi ndi yathanzi kuposa zonse pano," anatero a Chimbalanga. "Nyamulani muzipita, mayi. Mukangouza munthu kuti ikudwala, tikaonana kukhoti."

"Sindinena, bambo," anayankha Nasibeko, n'kukakhala pansi pafupi ndi geti.

Posakhalitsa panafika mwini malo ogona alendo, wofuna njoka khumi. Nasibeko anamulonjera mwaulemu n'kutsegula bokosi lija.

"Mwafika pamalo abwino, bwana. A Chimbalanga akuti iyi ndiye yathanzi kuposa zonse. Ndi yofatsanso. Khoswe amene ndinaiponyera kuti idye wabereka ana asanu momwemu."

Bwanayo anasuzumira. Khoswe anali atakhala pamutu pa nsato, akupukuta ndevu zake. Bwanayo anayamba kufunafuna makiyi a galimoto.

"Dikirani, bwana!" anakuwa a Chimbalanga. "Imeneyo ndi yodwala! Zinazo zili bwinobwino!"

"Mwanena ndinu, bambo," anatero Nasibeko. "Ina ndisankhe ndekha, kapena mundisankhira?"