Namzeze ndi Dzenje Lopinda Kuwala

Kalekale, anthuni, mbalame zisanaiwale kulankhula, Namzeze anakwatitsa mwana wake wamkazi kumwamba, kumudzi kwa nyenyezi ija yotchedwa Nthanda. M'bandakucha uliwonse ankayang'ana kum'mawa. Akaona Nthanda ikuwala, mtima unkakhala pansi.

Tsiku lina mphepo inabwera ndi uthenga: "Mwana wanu wadwala. Akuitana amayi ake."

Namzeze kuti ayang'ane kum'mawa, mtima unangoti myuu! Nthanda zinali ziwiri, ina kumanzere, ina kumanja, pakati pake mdima bii.

"Mayo ine! Mwana wanga ali pa iti?"

Khwangwala, mlongo wake, anati, "Musalire, achemwali. Yeniyeni ndi ya kumanzereyo. Ndikamuone ndine." Anauluka molunjika. Namzeze anamuona akukhota, akukhota, mapiko akukanika, mpaka mdima unamumeza. Zii.

Kabawi, mlamu wake, anati, "Ayi, alamu, ndi ya kumanjayo." Nayenso anauluka. Anakhota, anakhota. Zii.

Namzeze anawadikira, osabwerera. Koma mwana akudwala, mayi angakhale pansi bwanji? Ananyamuka yekha, pang'onopang'ono. Adakali patali, anazula kanthenga pachifuwa n'kukaponya. Kanthengako kanakhota, kanazungulira, n'kuzimiririka mumdima muja.

Apo mdima unalankhula.

"Sendera kuno, Namzeze. Ine ndine Dzenje. Kale ndinali nyenyezi yaikulu. Ndinadya, ndinadya, mpaka kulemera kwanga kunandigwetsera m'mimba mwanga momwe. Njala ikadalipo. Chondiyandikira ndimachikoka, ndipo cholowa muno sichituluka, ngakhale kuwala kumene."

Namzeze anafunsa, "Ndiye kuti Nthanda mwaidya, bambo?"

Dzenje linaseka modzitama. "Iyo ili kutali, kuseri kwangaku. Kuwala kwake kukamadutsa pambali panga ndimakupinda ngati nsungwi, kwina uku, kwina uko. Opusa amakutsata, n'kudzandipeza."

Kuseri! Namzeze anazisiya Nthanda ziwiri zija n'kulambalala patali, kopanda chowala chilichonse. Dzenje linazindikira kuti pakamwa palipereka. Linakoka. Namzeze anakupiza mapiko. Linakokanso. Anakupiza, mpweya ukutha, maso akuchita chidima. Kachitatu linamugwira kumchira, nthenga zapakati n'kuthothoka, thotho! Iye anapulumuka.

Atakweza maso, Nthanda ina inali itazilala. Inatsala imodzi yokha, mbee, patsogolo pake.

Mwana anamupeza ali gone, akupuma movutikira.

"Amayi, mwabwera?"

"Ndabwera, mwanangu."

Anamudwazika mpaka anachira. Koma Khwangwala ndi Kabawi aja sanabwererenso, ndipo Namzeze anawalira masiku ambiri. Mchira wake sunamerenso pakati. N'chifukwa chake mpaka lero mchira wa namzeze ndi wamphanda.

Mwamva, anthuni? Pamene diso laona chinthu si pamene chili nthawi zonse. Usanathamangire chowala, yamba wafunsa chimene chili pakati.

Nthano yanga yagona pompa. Mbatata ija ikaphulidwe isanapserere.