Chingwe cha Pakhosi pa Mbawala

Kalekale, mbawala isanadziwe tchire, inkagona m'khola limodzi ndi mbuzi. Pamudzi wina panali mtengwa, dzina lake Nachanza, amene anabwera ku ukwati ndi mbawala yake. Akamaliza ntchito ankakhala nayo kuseri kwa nkhokwe, n'kumaiuza zimene sakanauza munthu pamudzi wa eni.

Chimanga chitamera, anthu anagwirizana kuti ziweto zonse zimangidwe.

"Ine sindidya za m'munda," inatero Mbawala. "Koma ndimangeni, mayi, angakuneneni."

Wodziwa mfundo yotsetsereka, ija imakula ndi kuchepa malinga ndi khosi, anali apongozi ake aamuna, a Kamtedza. Iwo anakhala pabwalo n'kumaonetsa anthu pakhosi pa mbuzi. Nachanza, monga mwa mwambo, anagwada patali. Anawaona akukulunga chingwe, anawaona akupisa nsonga. Koma pamene ankalowetsa zala ziwiri pakati pa chingwe ndi khosi, n'kumanga kamfundo koletsa kuti chisathine, msana wa munthu unamutchinga.

"Mwaona nonse?" anafunsa a Kamtedza. "Nanga apongozi kumeneko?"

"Taona," anayankha Nachanza motsitsa mawu. Anachita manyazi kubwerezetsa mkulu pagulu.

M'mawa mwake anamangirira Mbawala pachikhomo kudambo, iye n'kupita kukapalira. Masana kunadutsa agalu a alenje. Mbawala inadzidzimuka n'kukoka, chingwe chinathina. Ikati ikokenso, chimathinirathinira. Pobwera Nachanza anaipeza ili gone, lilime lili panja. Anadula chingwecho ndi khasu. Ubweya wa pakhosi unali utapalika kuzungulira.

Itapeza mpweya, Mbawala inafunsa, "Mayi, mfundoyi anakuonetsani chonchi?"

"Sindinaone bwino."

"Bwanji osafunsa?"



"Sindikukwiyirani," inatero Mbawala. "Koma mawa muyenera kundimanganso, ndipo khosi langa silingalole."

Inamunyambita dzanja, n'kulowa m'tchire pang'onopang'ono.

Tsiku lomwelo Nachanza anakagwada pafupi ndi a Kamtedza, n'kupempha kuti amuonetsenso. Mkuluyo sanamudzudzule. Anabwereza mofatsa mpaka zala zake zinazolowera. Mfundoyo anaidziwa bwino kwambiri, koma analibenso choti amange.

N'chifukwa chake, ana inu, mpaka lero mbawala ili ndi mzere wa ubweya wothothoka pakhosi, pamene panadutsa chingwe. Ndipo mukakumana nayo kudambo, imayamba yaima kaye n'kukuyang'anani, kenako n'kuthawa.