Nkhumba Zopanda Khomo

Kumsika ankawatchula kuti Amayi Sinditsitsa, poti amenewo ndiwo anali moni wawo kwa aliyense wofuna kunenerera mtengo wa nkhumba. Sukulu anangoilawa ngati mchere, koma khola lawo la njerwa kuseri kwa nyumba linaphunzitsa ana anayi. Kenaka kunagwa nthenda ija yochititsa nkhumba kupoloza, yobanikitsa tiana mpaka makutu kubiriwira. Pa masabata atatu m'khola munatsala ntchentche zokha.

Mwana wawo wachisamba, wowotcherera zitsulo, sanapite m'mbali.

"Amayi, mwakalamba nalo fungo limeneli. Mukayambiranso nkhumba n'kufanso, khola ndigumula, pamalopo timange kagolosale."

"Udzagumula ine ndili m'bokosi," anayankha mayiwo akutsuka chomwera chopanda womwera.

Patapita miyezi, mlangizi wa ziweto anafika ndi misoti iwiri ya nkhumba, yoyera, ya mtundu watsopano, yomwe ankagawa kwa alimi amene nthenda inawasesa. Anaima pakhomo la khola n'kuyamba kufotokoza.

"Amayi, kachilombo ka nthenda imeneyi ndi mbala yoyenda ndi kiyi mmodzi. M'thupi la nkhumba muli tizigawo ting'onoting'ono, maselo, ndipo pa ena mwa iwo pali kakhomo komwe kiyiyo amatsegula. Akatswiri atatopa kuthamangitsa mbala, anangochotsa khomolo. Ziwirizi zinabadwa zopanda khomo. Kachilombo kakabwera kazingozungulira panja. Koma zikadzafuna mphongo mudzabwere kaye kwa ine, chifukwa..."

"Bambo, ine ndinayamba kuweta nkhumba inu musanamere mano. Mwabweretsa, zikomo. Madeya akundidikira."

Mlangizi anakwera njinga yake yamoto n'kumapita.

Misoti ija inakula mosiririka. Tsiku lina m'mawa yonse iwiri inakana chakudya, ikulira, ikukwera khoma. Woweta aliyense amadziwa kuti nyengo yofuna mphongoyi sichedwa: ukazengereza masiku awiri, udikiranso masabata atatu uku madeya akutha. Mayi aja anamanga mpango kuti akabwereke mphongo ya wogulitsa nyama, chinkhumba chakuda cha khutu long'ambika.

Mpongozi wawo, mkazi wa wowotcherera zitsulo uja, telala wofatsa yemwe ankasoka pakhonde, anaimitsa makina.

"Amayi, paja alangizi anati mukawafunse kaye."

"Ndikakhale pabenchi tsiku lonse kuti kamnyamata ka tayi kandiuze mmene nkhumba imatengera bere? Apongozi, ndabereka ana anayi, mmodzi ndi amene mukumudyera ndalamayu. Ndinafunsa ndani?"

"Kungoimba foni, Amayi. Nambala ndili nayo."

"Make mbuu, mwana mbuu. Make alibe khomo, ndiye mwana akalitenga kuti? Kwa kalipentala? Sokani madiresi, za nkhumba zisiyeni."

Mpongozi anaweramitsa mutu, makina n'kuyambanso kulira. Wogulitsa nyama anafuna tiana tiwiri ngati malipiro a mphongo yake, koma atakangana nawo mpaka dzuwa kufika paliwombo anavomera kamodzi, akupukuta thukuta. Mayi aja anabwerera akukusa chinkhumba chija ndi kamtengo, mtima uli m'malo.

Itakwana miyezi itatu, masabata atatu ndi masiku atatu, m'khola munadzaza tiana khumi ndi tisanu n'tinayi, tina toyera, tina tamawangamawanga. Mayi aja anaitana mwana wawo kuti adzaone.

"Kagolosale kako kaja ukamange pamutu pako."

Tiana titangosiya kuyamwa, mbiri inamveka kuti nthenda ija yabwereranso m'makola a tsidya la msewu. Anzawo anayamba kutseka makola, kuthira mankhwala polowera. Iwo anangoseka. "Ibwere. Kwanga ikagogoda pati?"

Inagogoda Lachitatu m'mawa. Anapeza tiana titatu titaunjikana pakona, tikupuma ndi mimba, maso atatupa. Pofika Loweruka makutu anali atabiriwira. Anayesa madzi a shuga, anayesa kutifunditsa masaka, anayesa kutukwana. Sabata isanathe anali atakumba dzenje kasanu kuseri kwa chimbudzi, ndipo kotsiriza, komwe ankati akapatse wogulitsa nyama uja, kanafera m'manja mwawo. Chowawa kwambiri chinali chakuti amake a tianato anali gwa, onenepa, akulimbirana madeya ngati palibe maliro.

Mkwiyo unawakwera mpaka m'makutu. Anaika kankhumba kakufako m'thumba, n'kuyenda wapansi mpaka ku ofesi ya mlangizi. Benchi ija sanaiyang'ane n'komwe. Anadutsa anthu onse, n'kukhuthula thumbalo patebulo, pamwamba pa mapepala.

"Nali khomo lanu lochotsedwa lija. Munandiyesa chitsiru poti sindidziwa kulemba? Mumayesera mankhwala anu pa amphawi?"

Mlangizi anatembenuza kankhumbako ndi cholembera, n'kuyang'anitsitsa mawanga akuda pamsana pake.

"Zazikulu zija zadwala?"

"Zikudya ngati alendo a paukwati."

"Nanga mphongo inali ya ndani?"

"Funso lanji limenelo? Mphongo ndi mphongo."

"Ayi, Amayi. Mwana amatenga mbali kwa make, mbali kwa bambo ake. Make sanampatse khomo, zoona, koma bamboyo ali nalo, ndipo anagawira mwana aliyense. Mbala sifuna makomo awiri, limodzi likwanira. Kuti tiana tibadwe totsekeka, make ndi bambo onse akhale opanda khomo." Anaimirira n'kukankha zenera. "Taonani."

Kuseri kwa ofesi, m'khola la simenti, munagona mphongo yoyera, yaikulu ngati mwana wa ng'ombe, ikugwedeza khutu.

"Imeneyo timaiperekeza tokha kwa aliyense amene tinampatsa misoti. Simulipira kanthu. Anzanu asanu anaitenga, ndipo tiana tawo tikuthamangathamanga."

"Ndiye bwanji simunanene?"

"Ndinayamba kunena. Munati madeya akukudikirani."

Mayi aja anabwezera kankhumba kaja m'thumba. Anatola thumba lawo n'kutuluka. Njira yonse ankafuna woti amukalipire: wogulitsa nyama, akatswiri, kachilombo, ngakhale mbuzi yomwe inawadutsa kutsogolo. Mlandu unkangozungulira n'kubwerera pamutu pawo ngati ntchentche.

Asanafike pakhomo anamva hamala. Mwana wawo anali atagwetsa kale zipinda zitatu za khola, njerwa zili mbwee. Patsogolo pa chipinda chachinayi, momwe munali nkhumba ziwiri zija, panaima mpongozi, tepi yoyezera ili m'khosi.

"Ichi chokha musiye," ankauza mwamuna wake. "Izi sizinalakwe."

Wowotcherera zitsulo anaponya hamala pansi. "Chimodzi chomwecho. Pano pamangidwa golosale, Amayi. Ndinakuuzani."

Mayi aja anayang'ana njerwa zomwe anaumba ndi manja awo zaka makumi awiri zapitazo. Sanalire, si mtundu wawo. Anatembenukira kwa mpongozi, nkhope ili gwaa.

"Apongozi, nambala ya kamnyamata ka tayi kaja mukadali nayo?"

"Ndili nayo, Amayi."

"Musaitaye. Ndipo musandiyang'ane choncho."

Lero amene anali ndi khola la zipinda zinayi akuwetera m'kachipinda kamodzi kuseri kwa golosale ya mwana wawo, chifukwa cha funso limodzi lomwe likanawadyera mphindi ziwiri zokha. Akuluakulu sananame: safunsa anadya phula.