Munthu Amene Anakumba Mijigo Kawiri

Panali munthu wina wokumba mijigo, dzina lake a Mtambalika. Ambiri mwa inu munali musanabadwe. Ine ndinali nditangoyamba uphunzitsi pasukulu ina ya kumudzi, kudera louma kumene mitsinje imaphwa Ogasiti asanathe, ndipo bamboyu ndinamuona ndi maso angawa.

Masiku amenewo anali ndi lole imodzi yokha, yobiriwira, yakalekale, yonyamula chimakina chokumbira. Inkamveka ikadali kuseri kwa phiri. Ikamalowa m'mudzi, amayi ankasiya mitondo n'kuthamangira kumsewu akululuta. Ife aphunzitsi tinkangotseka mabuku, chifukwa tsiku limenelo panalibe mwana akanamvanso masamu. A Mtambalika ankatsika atavala ovolosi yothimbirira ndi girisi. Sankagona ku resitihausi. Ankamanga tenti pafupi ndi ntchito, n'kumadya zomwe eni mudzi adya.

Anali ndi kachitidwe kawokawo. Madzi akatumphuka, anthu n'kuyamba kuvina, iwo sankazimitsa makina. Ankati, "Awa ndi madzi a mvula ya chaka chino. Ife tikufuna aja ali pansi pa thanthwe." Ndiye ankapitiriza tsiku lina, mwina awiri, mafuta akupsa, mpaka chitsulo chiboole mwala. Akatha, ankaitana amayi awiri a m'mudzimo n'kuwapatsa chingwe cha mfundo, mfundo iliyonse mita imodzi, kunsonga kuli kachitsulo kolemera. Amayiwo ndiwo ankatsitsa chingwecho n'kumawerenga mokweza, mudzi wonse ukumva. Kenako a Mtambalika ankatenga msomali n'kulemba pa simenti yaiwisi dzina lawo ndi kuya kwa mjigowo.

Mbiri yawo inafika kutali. Ntchito zinachuluka, malole anakhala asanu, ofesi inatsegulidwa m'tauni. Koma zaka nazo zinali kupita. Mawondo anayamba kukana misewu ya kumudzi. Tsono ntchito zonse za kutali anazisiya m'manja mwa mlamu wawo, mwamuna wa mchemwali wawo, a Gelevaziyo, munthu wophunzira, wodziwa kulankhula ndi akuluakulu.

Chaka china bungwe lina lothandiza anthu linapatsa kampaniyo ntchito yaikulu: mijigo makumi atatu kudera kwathu kuja. Pepala linkati uliwonse ukhale wakuya mamita makumi anayi ndi asanu. Bungwelo linalembanso injiniya wa kampani ina kuti aziyendera ntchito n'kumasaina. A Gelevaziyo ndi injiniyayo anadyera limodzi nkhomaliro kuhotela ina, ndipo envelopu inachoka m'thumba ili n'kulowa m'thumba ilo.

Anakumba mvula itangotha kumene, nthaka ikadali yokhuta. Madzi ankapezeka pafupi, ndipo akangotumphuka makina ankazima. Mjigo wa masiku anayi unkatha tsiku limodzi. Chingwe cha mfundo sichinatuluke m'bokosi. Pa simenti sankalembanso ndi msomali. Ankadinda ndi chidindo chachitsulo, zilembo zokongola: dzina la a Mtambalika, ndi mamita aja a papepala.

Mjigo umodzi unali pasukulu yathu. Tsiku lotipatsa, kampani inabweretsa mipira, makope a ana ndi mabulangete a okalamba. Kunabwera wojambula zithunzi. Ine amene ndikulankhulane ndinaphunzitsa ana nyimbo yothokoza, ndipo anaimba bwino.

Okutobala atafika, mijigo inayamba kutsokomola. Munthu ankapopa mpaka mikono kuwawa, koma madzi theka la ndowa, ofiira ngati dothi la katondo. Kenako munkangotuluka mpweya. Amayi anabwerera kumtsinje, kukafukula mchenga pamalo pomwe ng'ombe zinkamwa. Matenda otsekula m'mimba analowa m'midzi. M'kalasi mwanga ana awiri sanabwerenso.

M'mudzi woyandikana ndi sukulu yathu munali mayi wina, Nachisale. Iye anathira madzi a kumtsinje aja m'botolo, nakwera matola kupita kutauni. Mlonda anamukaniza kulowa mu ofesi. Anakhala pakhonde kuyambira m'mawa mpaka a Mtambalika anatuluka masana, akuyenda ndi ndodo.

"Bambo, inu ndinu a Mtambalika?"

"Ndine, mayi."

"Ndinakuonani kwathu ndili mtsikana. Mayi anga ndiwo anatsitsa chingwe chanu, ndipo mjigo umenewo mpaka lero sunaphwepo. Ndiye nditaona dzina lanu pa simenti kumene ndinakwatiwaku, ndinauza anzanga kuti tikwirire chitsime chathu chakale, ana angagweremo, mavuto a madzi atha. Anandimvera. Tinakwirira." Anaika botolo lija pansi, pafupi ndi nsapato zawo. "Awa ndiwo tikumwa tsopano. Mwana wanga wachiwiri tamuika Lachisanu."

A Mtambalika anawerama movutikira, natola botololo.

M'mawa mwake anatenga chingwe chawo, nauza dalaivala kuti awapititse kumidzi. Anazula mapaipi a mjigo woyamba n'kutsitsa chingwe ndi manja awo. Chinaima pa mfundo ya khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Anapita pa wachiwiri, wachitatu. Masiku asanu ndi anayi anazungulira yonse makumi atatu. Panalibe ndi umodzi womwe wopitirira mamita makumi awiri.

Atabwerera, anaitana mlamu wawo n'kutseka chitseko.

"Alamu, nkhaniyi tisaikuze," anatero a Gelevaziyo. "Ndani sakudya masiku ano? Tikanapanda kumuona injiniya uja, ntchito ikanapita kwa ena, ndipo iwowo akanakumba pafupi kuposa ife. Titumize matumba a chimanga ndi mankhwala kumidziko, tiitane a nyuzipepala. Tinena kuti ndi chilala. Mvula ikagwa madzi abwerera, anthu aiwala."

"Nanga Okutobala wa chaka chamawa?"

"Mukaulula, kampani yafa. Anthu makumi asanu akudya pano. Mchemwali wanu ndi ana ake akudya pano."

Mawu amenewa anali oona, ndipo a Mtambalika anadziwa kuti ndi oona. Anayang'ana botolo la Nachisale lija. Kenako anati, "Inde alamu, pano akudya. Koma kuja akumwa."

Tsiku lomwelo anapita okha ku ofesi ya bungwe lija. Palibe anawaitana, palibe anali atawaneneza. Anaika botolo patebulo, nafotokoza zonse: za envelopu, za injiniya, za kuya kwa mjigo uliwonse. Sananene kuti sankadziwa, ngakhale kuti sankadziwadi. Anati, "Dzina lili pa simenti ndi langa. Ndinasiya kupita kukaona. Mlandu ndi wanga, ndipo ndikakumbanso yonse ndi ndalama zanga."

Akuluakulu a bungwelo anawathokoza, kenako anachotsa kampaniyo pa mndandanda wa olandira ntchito, monga malamulo awo ankanenera. Mabungwe ena atamva anachitanso chimodzimodzi. Injiniya uja anachotsedwa ntchito. A Gelevaziyo anachoka, ndipo mchemwali wa a Mtambalika sanapondenso pakhomo pawo kwa zaka zambiri. Antchito ochuluka anabalalika, ena akutukwana, chifukwa ana awo nawo ankafuna kudya. Anatsala asanu ndi mmodzi.

A Mtambalika anagulitsa ofesi ndi malole atsopano. Anatsala ndi yobiriwira ija, imene inali itagona kuseri kwa galaja, nkhuku zikuikiramo. Anaikonza, nabwerera kumidzi.

Ntchito imene mlamu wawo anaimaliza m'miyezi iwiri inawatengera zaka ziwiri ndi theka. Mawondo sankawalolanso kuima, ndiye ankakhala pampando pafupi ndi makina, fumbi likuwayera m'mutu. Ulendo uno panalibe wolulutira. M'midzi ina anthu ankangoyang'ana ali chapatali. Pamudzi wina bambo amene anataya mkazi anawalalatira pamaso pa anthu, ndipo iwo anavula chipewa n'kumvetsera mpaka bamboyo anamaliza. Pasukulu yathu anafika chaka chachiwiri, mwezi wa Sepitembala. Ndinawapatsa madzi osamba kunyumba kwanga. Anali ataonda, koma makina ankawamva ndi khutu monga kale, n'kudziwa kuti chitsulo chafika pa mwala. Kumudzi kwa Nachisale madzi atatuluka, mayiyo anabwera ndi ndowa yake, anatunga, anasenza, napita. Sanathokoze, ndipo a Mtambalika sanayembekezere kuthokozedwa.

Sindikubisirani mathero ake. A Mtambalika anamwalira m'nyumba ya lendi ya zipinda ziwiri. A Gelevaziyo anatsegula kampani ina ndi dzina lina, ndipo ndinamva kuti anamanga nyumba yosanja. Koma chaka chathachi ndinapita kukaona kumene ndinayambira uphunzitsi. Nyumba imene ndinkakhala inagwa, anzanga ambiri anatisiya. Unali mwezi wotentha kwambiri, mitsinje yonse ili mchenga. Ndinagwira mpini wa mjigo wa pasukulu, ndinapopa katatu, madzi anatuluka ozizira. Ndinamwa, ndipo ndinalira, chifukwa anthu otere kale tinali nawo ndipo tinkangoti ndi mmene munthu amagwirira ntchito.

Tsono inu amene mukuyamba mabizinesi, mvetserani. Ena mudzamanga nyumba, ena mudzagulitsa mbewu, ena mankhwala. Ntchito iliyonse ili ndi mbali imene wogula sangaione, ndipo katangale amakonda kubisala kumeneko. Mphatso zopereka pamaso pa wojambula zithunzi si zoipa, koma sizilipira zimene mwabera anthu pansi pa nthaka. Udindo wa kampani kwa anthu umayambira pa ntchito yeniyeniyo. Ndipo musati poti mwakhala mu ofesi, zochitika m'dzina lanu sizikukukhudzani. Pitani mukaone.

Envelopu idzabwera, ndipo woibweretsa sadzakhala mlendo. Adzakhala mnzanu kapena m'bale wanu, ndipo zifukwa zake zidzamveka. Tsiku limenelo, musanatambasule dzanja, mudzakumbukire kuti kwinakwake kuli munthu amene wakwirira kale chitsime chake chifukwa chokhulupirira inu.