Dzenje la Mkamwini Thombozi

Kalekale, ine mano akadali onse m'kamwamu, kunali mkamwini dzina lake Thombozi. Mkazi wake anali Nangondo.

Pofuna kuonetsa mphamvu kwa apongozi aakazi, Thombozi anati awaumbire njerwa. Anakumba dzenje kuseri kwa nyumba yawo. Kukumba, kukumba! Dzenje lake, ana inu, ukaponyamo mwala lero, unkafika pansi mkucha.

Mvula inagwa, dzenje linadzaza. Pasanathe milungu iwiri, udzudzu unatuluka. Osati timaudzudzu tanu ta masiku anoti, ayi. Uja unali ngati nkhanga! Wina unandiluma ine pamsana, mlomo n'kutulukira pamimba. Chipsera chake si ichi?

Malungo anagwira apongozi. Kunjenjemera kwake, denga linasasuka. Tsono mkamwini salankhulana ndi apongozi maso ndi maso, mawu anadzera kwa Nangondo.

"Bambo, amayi akuti udzudzuwu mwabwera nawo ndinu. Ukapanda kutha, mukulunge mphasa yanu muzipita kwanu."

"Ndikusiyeni inu, Nangondo? Patseni mpini!"

Anamenya, anamenya. Akapha khumi, kubwera zana. Anafukiza ndowe za ng'ombe, udzudzu n'kukhala pansi kumaotha moto.

Tsiku lachitatu anaugwira umodzi pakhosi.

"Pepani atate, musandiphe!" unalira udzudzu.

"Atate wako ndani, mfiti iwe?"

"Inu amene. Chikuta chathu munakumba ndinu. Azing'ono anga ali m'madzimo, akudikira mapiko."

Thombozi anasuzumira m'dzenje muja. Maine! Tiana tili piringupiringu, tikuvina.

Anayang'ana njerwa zake, thukuta la miyezi itatu. Anayang'ana Nangondo. Basi, anayamba kuponya. Njerwa thibu! Njerwa thibu! Zonse zinabwerera kumene zinachokera, dothi pamwamba, n'kupondaponda mpaka phiri la kwathu lija linafupika. Mapale ndi zigoba zonse zosunga madzi anazivundikira.

Udzudzu wosabereka ulimba bwanji? Unatha psiti. Nangondo anabereka mayi ake kupita nawo kuchipatala, anabwerako akuyenda okha.

Apongozi anatumiza tambala, ndi mawu akuti, "Nyumba ya njerwa sindikuifunanso. Mkamwiniyo akhale."

Tambala wake tinadya mudzi wonse mwezi wathunthu. Ntchafu yokha tinanyamula amuna anayi, ine kutsogolo.

Mwamva? Mdani osamuthamangitsa m'mwamba uku ukumulera kuseri kwa nyumba.

Pamene anakwirira dzenje Thombozi, nanenso nthano yanga yathera pomwepo.